Anachisale ndi Mimba ya Esinati

Azakhali Anachisale tinawaika Lachinayi, popanda nyimbo. Mkulu wa mpingo anaima pakhomo pa siwa, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti munthu womwalira ali wodulidwa mpingo sumuimbira, ndipo iye wangobwera ngati mnansi. Anapemphera pemphero lalifupi ngati la pachakudya. Adzukulu ananyamula bokosi, ife pambuyo, kumangomveka mapazi ndi zifuwa za okalamba. Njira yonse ya kumanda ndinkayang'ana misana ya amayi amene anali patsogolo panga. Ndinkawadziwa onse. Ambiri mwa iwo analowapo m'nyumba ya azakhali atagwira pamimba, akunong'ona, ena akulira, n'kutulukamo akudziwa chochita. Tsiku limenelo mayunifolomu awo a mpingo anawasiya m'masutikesi, milomo n'kuitseka. Sindikuwanena ngati ine ndine woyera. Kutseka pakamwa ndinayamba ndine.

Anali mlongo wa bambo anga, woyamba kubadwa. Nyumba yawo inali kutsidya kwa dambo lathu, kwa Msakambewa, chakumalire ndi Ntchisi. Anali aatali, owonda, oyenda mothamanga ngati pali amene akuwadikira. Fodya wa m'mphuno ankasunga m'kabotolo ka mafuta odzola, ndipo akafuna kukuuza chinthu chowawa ankayamba anunkhiza kaye, kuyetsemula, kenaka n'kukuyang'ana. Sukulu analekezera sitandade 3. Koma anagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri pachipatala china cha mishoni, yokolopa ndi kuchapa nsalu za m'chipinda chochirira amayi. Anamwino akamaphunzitsa atsikana a unamwino, iwo ankaima pakona ndi chokolopera m'manja, khutu lili tcheru. Ankakonda kunena kuti wochapa nsalu amadziwa zambiri kuposa wolemba m'buku, chifukwa wolemba amamva zimene mayi wanena, pomwe wochapa amaona zimene thupi lanena.

Atapuma ntchito anabwera kumudzi ndi pepala lalikulu limene achipatala anataya chiswe chitadya m'mbali mwake. Panajambulidwa za m'kati mwa mkazi. Mtsikana aliyense wa pachibale akatha msinkhu, azakhali sankadikira anankungwi. Ankamukokera m'nyumba, kuyala pepala lija pamphasa, kutsindira makona ake ndi makapu, n'kuyamba kuloza ndi kamtengo. Ichi chonga peyala ndi chiberekero. Uku ndi uku kumakhala mazira, ndipo mwezi ndi mwezi limodzi limakhwima n'kutsika ndi kanjira aka. Ankati chiberekero chili ngati mayi wozira nyumba yake kuyembekeza mlendo: mlendo akapanda kubwera, amapala dothi lija n'kulitaya panja, n'kuyambanso kuzira. Msambo ndi umenewo basi. Si matenda, si uve, ndipo sudula munthu. Kenaka ankakupatsa nyanda zatsopano ndi lamulo limodzi: ukachapa uziyanike padzuwa, osati kuseri kwa thumba la chimanga kumene zimachita nkhungu.

Kwa amayi apabanja ankagwiritsa ntchito chimanga. Njere zofiira zinali masiku osamba, zoyera masiku enawo, ndipo mayi ankaponya njere imodzi m'kachitini m'mawa uliwonse mpaka atadziwa mayendedwe a thupi lake. Koma sankanamiza munthu. Ankanena poyera kuti chimanga sichiletsa mimba, chimangokuuza pamene waima. Wofuna kulera akwere njinga apite kuchipatala.

Ndisawakometse. Azakhali anali ndi pakamwa poipa. Ankatha kukuimitsa pachigayo, anthu ali mbwee, n'kukufunsa mokweza kuti mwezi uno wasamba liti, poti nkhope yako sikuwasangalatsa. Mwamuna wina wa ana asanu ndi atatu anamuuza pamsika kuti mkazi wake si nkhuku. Amayi anga anakhala zaka ziwiri osawalankhula chifukwa cha zimene anachita pa ukwati wa achimwene anga aakulu. Nthawi imeneyo azakhali anali asanasiye kusamba. Anathandiza kuphika bwinobwino, anadikira akuluakulu adye mpaka kunyambita zala, kenaka anaima pakati pa bwalo.

"Ndiwo mwadyazi mchere ndathira ndine," anatero. "Ndipo lero ndi tsiku langa lachiwiri. Tione amene atupe."

Nkhalamba ina inathamangira kuseri kwa nkhokwe kukadzisanzitsa. Palibe anatupa, palibe anakhosomola, koma palibenso anawakhululukira. Kwathu munthu amene wakuchititsa manyazi akunama amakhululukidwa msanga kuposa amene wakuchititsa manyazi akunena zoona.

Mwana wawowawo analibe. Anakwatiwa ali mtsikana, nakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri, akumwa mizu yamtundu uliwonse imene apongozi awo ankabweretsa. Mwamunayo atatopa ananyamula bulangete lake n'kupita, n'kuwasiyira dzina loti chumba. Anakakwatira kwina kawiri, ndipo konseko sikunamveke kulira kwa khanda. Azakhali nkhani imeneyi sankaikamba kawirikawiri. Ankangoti anthu amathamangira kutukwana munda, osayamba amasula thumba kuona ngati mbewu sinafumbwe.

Zimene zinawadulitsa mumpingo zinachitika zaka khumi ndi zisanu zapitazo, m'mwezi wa Febuluwale, fodya ali pachimake. Ine ndinali nditakwatiwa kumene. Amuna anga anali kalaliki pa esiteti ina kuseri kwa phiri, ndipo tinkakhala m'nyumba ya pa esitetipo. Pakati pa matenanti panali banja la a Nampinga, ochokera ku Phalombe, ndipo anali ndi mwana wamkazi dzina lake Esinati, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa sitandade 7. Anali mtsikana wofatsa, wosoka fodya mwachangu kuposa akuluakulu. Mimba yake inayamba kutupa m'munsi mwa mchombo. Aphunzitsi anamubweza kusukulu. Bambo ake anamumenya ndi mkangala wopachikira fodya kuti atchule mwamuna, iye osatchula. Pamenepo anaitana Anambewe, nankungwi wamkulu wa dera lathu, amenenso anali mtsogoleri wa amayi a mpingo wathu.

Tinasonkhana m'chigafa masana, amayi oposa khumi, fodya akulendewera pamitu pathu. Esinati anamukhazika pakati. Anambewe anamugwira pamimba, kugwedeza mutu, n'kunena kuti ndi ya miyezi inayi kapena isanu. Anamunyengerera, anamuopseza, ena anamutsina m'ntchafu. Mtsikana ankangoti, "Sindinagonepo ndi munthu," mawu akunka nachepa. Amayi ake anali atazemba m'mawa kupita kutsidya kwa dambo, ndipo tili mkati mofunsa analowa ndi azakhali.

Azakhali sanapereke moni kwa wina aliyense. Anagwada pamaso pa mtsikana.

"Mwana wanga, magazi unawaonapo?"

"Ayi, agogo."

"Ngakhale kadontho pa kabudula wam'kati?"

"Ayi."

"Nanga kupwetekaku kumabwera bwanji?"

"Mwezi uliwonse. Masiku anayi, pena asanu, kenaka kumaleka. Kunayamba chaka chatha dzinja ngati lino."

"Mkodzo ukutuluka bwino?"

Esinati anapukusa mutu, misozi n'kuyamba kugwa.

"Inu Anachisale," anatero Anambewe, "mimba imalowa ngakhale mwana asanasambe. Ife tinaziona zimenezo inu mukukolopa."

"Imalowadi," anayankha azakhali. "Koma mimba sipweteka mwezi ndi mwezi chaka chathunthu. Tatulukani nonse, atsale amake."

Tinatuluka, kukaima mumvula yowaza. Patapita kanthawi azakhali anatuluka akupukuta manja ku chitenje.

"Mwanayu alibe mimba," anatero. "Anakula kalekale. Akusamba mwezi uliwonse ngati wina aliyense wa inu, koma magazi alibe potulukira. Anabadwa njira ili yotsekeka ndi kachikopa, ndiye akungodzadzana m'katimo. Ndinaonapo mmodzi yekha wotere zaka zanga zonse za kuchipatala. Akufunika akam'tsegule, ndipo si mawa la mawa."

Wina anaseka. Anambewe anati chibadwire sanamvepo nthano yotere. A Nampinga atauzidwa anakana. Anati fodya akupsa m'munda ndipo manja akuchepa, komanso akapita kuchipatala n'kukatsimikiza kuti ndi mimba, iwo ayang'ana kuti?

M'mawa mwake, bamboyo atalowa m'munda, azakhali anamutenga mtsikana, amake atavomera ndi mutu wokha. Galimoto zinali zitasiya kufika kwathu chifukwa cha matope. Anapeza wakabaza, n'kumukweza Esinati, koma njinga sinkapalasika. Mwini wake ankangokankha, azakhali akugwirizira mtsikana kumsana, nsapato zawo zili m'manja. Anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Anafika kuchipatala cha ku boma la Ntchisi dzuwa litapendeka. Kumeneko anamuyeza mkodzo, napeza kuti mimba palibe. Tsiku lotsatira anamuchita opaleshoni yaing'ono. Azakhali ankati magazi amene anatuluka anali akuda, olemera ngati phula, ndipo anadzaza kabeseni. Adokotala anawauza kuti akanachedwa miyezi ina, mwanayo akanaonongeka m'kati mwina osadzabereka.

Anabwerako patatha masiku asanu, Esinati akuyenda yekha, mimba ili phwa. Ine ndinaganiza kuti anthu achita manyazi. Ndinali mwana m'maganizo. Anthu anangoona zimene maso awo anafuna: mtsikana anapita ali ndi mimba, wabwera alibe, ndipo womuperekeza ndi chumba chozolowera za m'chipatala. Sabata isanathe, nkhani inali itafika mpaka ku Chisepo yoti Anachisale amachotsa mimba za ana asukulu. Akulu a mpingo anawaitanira kubwalo lawo Loweruka.

Lachinayi lake azakhali anabwera kunyumba kwanga ndi buku la kuchipatala la Esinati, atalikulunga m'pepala la pulasitiki. Chizungu sankachitha, ndipo pachibale pathu amene anafika ku sekondale ndinali ine. Zolemba za adokotala zinali zokhotakhota, koma ndinaziwerenga zonse: kuti anamuyeza ndipo analibe mimba, kuti njira inali yotsekeka chibadwire, kuti anaitsegula. Ndinawamasulira mzere ndi mzere.

"Basi," anatero. "Loweruka ukawerenge chomwechi, Feliya. Usakaonjezere, usakachotsere."

"Ndikawerenga, azakhali."

Amuna anga atamva anandikhazika pansi. Mwini esiteti anali mlongo wa Anambewe, komanso mmodzi wa akulu a mpingo. Anandifunsa ngati ndili ndi nyumba ina yoti tikalowemo. Komanso Pasaka wa chaka chimenecho ndinali pamndandanda wa ovekedwa yunifolomu ya amayi, nsalu nditagula kale. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungonena mtengo umene ndinagulidwa nawo.

Loweruka masana tchalitchi chinadzadza ngati pali ukwati. Azakhali anayenda mpaka kutsogolo n'kuika buku lija patebulo. Wapampando, munthu wodziwa Chizungu bwinobwino, sanalitsegule. Analikankha ndi chala n'kunena kuti masiku ano mapepala amagulidwa. Anambewe anaimirira, kutambasula manja awo onse awiri.

"Mimba imeneyo ndinaigwira ndi manja angawa," anatero. "Inali yolimba. Zaka makumi atatu ndikulanga anamwali, lero ndilephere kudziwa mimba?"

Azakhali anatembenuka, kundifunafuna ndi maso mpaka kundipeza pamzere wachitatu.

"Feliya, bwera uwerenge."

Ndinapita. Ndinatsegula buku. Mawu onse anali pomwepo monga ndinawasiyira Lachinayi. Ndinamva mwini esiteti akukonza kukhosi kumbuyo kwanga.

"Zolemba za adokotala sindizitha, azakhali," ndinatero.

Sanandikalipire. Anandilanda buku lija pang'onopang'ono, kulikulunganso m'pulasitiki, n'kuliika pachifuwa. Kenaka anauza akulu aja kuti ngati aphadi mwana, imeneyo si nkhani ya m'tchalitchi, aitane apolisi, poti apolisi amatha kuwerenga. Palibe anapita kupolisi. Wapampando anati akavomera tchimo lawo n'kulapa, akhala panja miyezi isanu ndi umodzi yokha.

"Ndilape chiyani?" anafunsa azakhali. "Kuti mwana wa eni ali moyo?"

Anawadula tsiku lomwelo. Ine anandiveka yunifolomu pa Pasaka.

Esinati sanabwererenso kusukulu. Anyamata ankamuimba nyimbo akamapita kumjigo. Fodya atagulitsidwa, mwini esiteti anauza a Nampinga kuti chaka chamawa malo palibe, ndipo banja lonse linakwera lole kubwerera kwawo. Buku lija azakhali anakalipereka kwa amake a Esinati pamsewu, lole itaima kale, n'kuwauza kuti alisunge ngati ndalama, mwanayo adzalifuna tsiku lina akadzafuna banja. Kuyambira pamenepo tenanti aliyense wa ku Phalombe akafika kudera lathu, azakhali ankamulondola mpaka kumunda kukamufunsa ngati akudziwa a Nampinga. Palibe anawadziwa. Amwalira osamva ngati mtsikana uja anakwatiwa, anabereka, kapena ali moyo n'komwe.

Abusa anasinthana anayi m'zaka zimenezi. Aliyense akafika ankawayendera, kuwauza kuti khomo n'lotsegula, angonena mawu awiri okha a kulapa. Yankho lawo silinasinthe: ayambe akulu a mpingo aimirira Lamulungu pamaso pa anthu, anene kuti Esinati analibe mimba. Pamenepo abusa ankayang'ana wotchi. Komatu azakhali nyimbo za m'tchalitchi ankazikonda kuposa chakudya. Lamulungu m'mawa ankasamba, kumanga duku loyera, n'kukhala pakhonde. Mphepo ikabweretsa mawu a nyimbo kudutsa dambo, iwo ankalowa ndi mawu awo okhuthala aja, okha, mpaka ndime yomaliza.

Ndipo amayi sanasiye kubwera. Pamsewu ankawalambalala, pamaliro ankasuntha mphasa, koma masana anthu ali kuminda ankatulukira kuseri kwa nyumba ngati akufuna nkhuni. Wina msambo wake sukutha sabata ziwiri, wina mwana wake akukomoka ndi cham'mimba mwezi uliwonse, wina wapita padera kachitatu. Azakhali ankawalandira onse, kuwafunsa mafunso awo osapsatira aja, n'kuwauza amene angodikira ndi amene akwere njinga lero lomwe. Mankhwala sankapereka, ngakhale muzu umodzi.

Zaka zisanu zapitazo anabwera Anambewe amene. Ndinali pomwepo, ndikuwapetera azakhali mphale. Anafika atafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo, nakhala pansi osapatsidwa mphasa. Anali atasiya kusamba zaka zoposa khumi, koma magazi anali atayambiranso. Anayesa kuseka, amvekere mwina utsikana wabwerera.

Azakhali anatsegula kabotolo kawo, kununkhiza, kuyetsemula.

"Utsikana subwerera, Anambewe. Magazi obwera munthu atasiya ndi mthenga woipa. Mawa mukakhale oyamba pamzere, akakuyezeni khomo la chiberekero. Mukayamba mwapita kwa asing'anga, tidzakuikani chimanga chisanache."

Anapita. Anawatumiza ku Lilongwe, anawachotsa chiberekero, anachira. Atabwerako anatumiza nkhuku kwa azakhali kudzera mwa mdzukulu wawo wamkazi. Azakhali anaibweza. Anati nkhuku sitha kuimirira m'tchalitchi. Anambewe ali moyo mpaka lero. Pamaliro paja ndiwo ankayang'anira zophika, ndipo ankalira kwambiri.

Ine azakhali sanandithamangitsepo pakhomo pawo. Ana anga onse atatu anawasambitsa ndi iwo. Za Loweruka lija anazikhudza kamodzi kokha, chaka chathachi, maso atayamba kuchita khungu. Ndinawabweretsera mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo anandipatsa kabokosi kake kuti ndiwauze kamwedwe.

"Tawerenga, Feliya," anatero. "Paja iwe Chizungu umachitha tikakhala awiri."

Ndinawerenga. Ndinafuna kupepesa, koma iwo anali atayamba kale kufunsa ngati mvula yagwa kwathu. Ndinadziuza kuti ndidzanena ulendo wina. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu zoti ndiimirire m'tchalitchi muja n'kunena kuti ndinanama, ndipo Lamulungu lililonse ndinkapeza chifukwa chodikira.

Dzulo ndinapita kukatenga mbuzi yawo imene abale anandigawira. Papita sabata zitatu zokha, koma malata anasasula kale, chitseko anachizula pamodzi ndi mafelemu ake. Mvula yalowa m'nyumba, ndipo pansi pamene ankazira Loweruka lililonse pamera timaudzu. Nkhuku za eni zikufukula m'chipinda chogona. Ndili chiimire pabwalo ndi chingwe m'manja, kuseri kwa nyumba kunatulukira mayi wina wachilendo, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, pambuyo pake mtsikana wa yunifolomu ya sukulu akuyenda chowerama.

"Zikomo, amayi," anatero motsitsa mawu. "Kodi pano ndi pa Anachisale? Tachokera kutali. Anatiuza kuti amadziwa za atsikana."

Ndinawauza kuti tinaika. Mayiyo anayang'ana makoma opanda denga aja, n'kundiyang'ana ine.

"Nanga inu simungamuoneko?"

Ndinati ine sindidziwa kanthu, apite naye kuchipatala. Anathokoza mwaulemu, nabwerera njira imene anadzera, mtsikana akutsalira m'mbuyo. Pakhomo panatsala zii, kupatula mbuzi ija imene inkakoka chingwe, ikulira moyang'ana m'nyumba mopanda munthu.